Lalanje la M'thumba la Feteleza

Ife matenanti sitidzala mitengo. Palibe pamene zinalembedwa, koma aliyense wobwera kudzalima fodya pa esiteti ya munthu amadziwa. Ukhoza kudzala mpiru kuseri kwa nyumba, maungu, kachimanga pang'ono, zinthu zoti ukadya zatha. Mtengo ayi. Mtengo umanena kuti munthu wakhazikika, ndipo mwini malo safuna kuona tenanti akukhazikika.

Kwathu ndi ku Phalombe. Pa esiteti ya kufupi ndi Njombwa, ku Kasungu, tinakhalapo zaka ziwiri, ndipo tisanafike pamenepo tinali pa ina ku Lisasadzi. Dzina langa ndine Lefina. Chaka chimene ndikunenachi ndinali nditangolemba mayeso a Folomu 2, ndili pakhomo. Sindine munthu wolankhulalankhula. Ngakhale m'kalasi ndinkadziwa yankho koma dzanja osakweza. N'chifukwa chake nkhaniyi ndikuilemba, pakamwa sindingaithe.

Unali mwezi wa Novembala, nthawi ya makuponi a feteleza wotsika mtengo. Ife sitinkalandira, poti maina athu analembedwa kutali kumudzi. Koma a Fainala, mayi wa m'mudzi woyandikana ndi esiteti amene ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi amayi, anali ndi kuponi yawo. Miyendo yawo inkatupa akaima nthawi yaitali, ndiye anapempha amayi kuti ndiwaperekeze ndikawaimire pa mzere. Amayi anandimangira kandalama pa nsonga ya chitenje kuti ndikagule mandasi njala ikandipweteka.

Mzere wa tsikulo unazungulira depoti mpaka kumsewu. Anthu ena anasiya miyala ndi nsapato kuti ziwasungire malo, iwo n'kukabisala pamthunzi. Dzuwa litafika pamutu, a Fainala anati, "Tapita ukawongole miyendo, mwanawe, ndiimeko pang'ono."

Pafupi panali shopu yogulitsa mbewu ndi mankhwala a m'munda. Pakhonde pake anaunjika timitengo ta m'machubu akuda, tambiri titauma kale ngati timitengo totokosera m'mano. Pa chikatoni analemba ndi makala kuti MALALANJE OMEZANITSA. Mawu amenewo ndinkawadziwa. Aphunzitsi a za ulimi anatijambulira pa bolodi: mumatenga kamtengo ka mandimu, kolimba mizu, n'kukadula, n'kulumikizapo kanthambi ka lalanje lokoma, ziwirizo n'kukhala mtengo umodzi. Ndinaloweza, pa mayeso ndinalemba, koma mumtima ndinkati ndi za m'mabuku basi.

Ndinanjuta n'kuyang'ana kamodzi kamene kanali ndi masamba anayi ofota. Pa tsinde, kutalika kwa chikhatho kuchokera pa dothi, panali chipsera, chomangidwa ndi kapulasitiki. Pansi pa chipseracho khungwa linali lina, pamwamba lina. Ndinachikhudza ndi chala. Zinali zoona. Munthu wina, kwinakwake, anadula mitengo iwiri n'kuigwiranitsa, ndipo inavomera.

"Achemwali, mukugula kapena mukuwerenga?" anafunsa mwini shopu ali pakhomo.

Ndinafuna kuthawa. Koma pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Kamenekaka ndi zingati?"

"Kakufako? Muli ndi zingati inuyo?"

Ndinamasula nsonga ya chitenje. Anaseka, n'kutenga kandalama kaja, n'kukankha kachubuko ndi phazi kuti kabwere kwa ine. Tsiku limenelo ndinakhala ndi njala mpaka madzulo, ndipo amayi atandifunsa ndinati mandasi ndinadya. Bodza limenelo ndikuliulula pano koyamba.

A Fainala atandiona nditakafukata anagwira pakamwa. "Mwana iwe, wagula nkhuni? Nanga ukakadzala pati, poti pamene mukukhalapo si panu?"

Zimenezo sindinaziganize n'komwe. Misozi inali pafupi kugwa. Iwo anandiyang'ana kanthawi, kenako anati, "Usalire pa mzere, anthu aziti tamanidwa feteleza. Ndili ndi thumba la chaka chatha kunyumba. Ukakadzale m'menemo. Thumba ndi katundu, umanyamula ukamapita."

M'mawa mwake ndinapita kukalitenga. Ndinalichapa kuti mchere wa feteleza uchoke, n'kulipinda milomo mpaka linatsala lofika m'bondo. Pansi pake ndinaboola mabowo ndi msomali kuti madzi azituluka. Dothi ndinatapa m'munda mwa a Fainala, dala, kuti wina asadzanene kuti ndinatenga la esiteti. Ndinasakaniza ndi mchenga komanso manyowa a mbuzi owolerana. Kachubu ndinakang'amba pang'onopang'ono ndi lezala. Mizu inali itapotana m'katimo ngati ulusi wosokonezeka, ndipo ndinaimasula ndi zala ndikupuma mobisa, ngati ingamve. Chipsera chija ndinachisiya pamwamba pa dothi monga ananenera aphunzitsi. Thumbalo ndinaliika kuseri kwa nyumba, pafupi ndi bafa, pamene munthu wodutsa panjira sangaone. Ndinazunguliza phulusa kuopa chiswe, ndi minga kuopa mbuzi.

Ababa, a Kalekeni, anakapeza kamtengoko madzulo pokasamba.

"N'chiyani chimenechi?"

"Lalanje," ndinatero ndikuyang'ana pansi.

"Lalanje m'thumba?" anatero ababa. "A Grey asakaone."

A Grey anali kapitawo wa pa esiteti, amene ankayendera minda ndi nyumba zathu m'malo mwa bwana.

Sabata yoyamba kamtengo kanayoyola masamba onse anayi. Kanatsala kandodo. Amayi ankati akamataya madzi a mbale, "Taonani munda wa Lefina, chaka chino tilemera." Ine ndinkathirirabe, m'mawa ndisanapite kukawokera fodya ndi madzulo pobwera. Nthawi zina ndinkakanda khungwa ndi chikhadabo kuti ndione ngati m'kati mukadali mobiriwira. Munali mobiriwira.

Mvula itakhazikika, tsiku lina ndinaona timaso tobiriwira pamwamba pa chipsera. Patapita masiku tinali timasamba tonyezimira ngati apaka mafuta. Ndipo mu Januwale, m'mawa wina, ndinapeza timikanda toyera tisanu kunsonga kwa nthambi. Sindinadziwe kuti n'chiyani mpaka tsiku lachitatu, pamene ndinatuluka m'nyumba n'kumva fungo limene sindinalimvepo chibadwire.

Muyenera kudziwa kuti pa esiteti chilichonse chimanunkha fodya. Zovala, mabulangete, tsitsi, madzi akumwa, ngakhale Baibulo la amayi. Munthu umasiya kumva, umangoti ndi mmene mpweya ulili. Ndiye m'kati mwa zimenezo munalowa fungo lina, lozizira, lotsekemera, losafanana ndi sopo kapena mafuta alionse a m'golosale. Ndinalitsatira mpaka kuseri kwa nyumba. Timaluwa tisanu tinali titatseguka. Ndinagwada pamatope. Kamtengo kosafika m'chiuno mwanga, kamene munthu anakakankha ndi phazi, kanadzaza bwalo lonse. Ndili chigwadire panabwera njuchi imodzi. Kumene inachokera sindikudziwa, poti mbali zonse ndi fodya yekhayekha mpaka kumene maso alekezera. Anaiuza ndani? Inalowa m'duwa limodzi, n'kutuluka, n'kulowa lina, ngati inali ndi pangano.

Sindinauze munthu. Ndinkaopa kuti ndikanena chinachake chisintha.

Sabata imeneyo inali yodula nsonga za fodya. Fodya akayamba kutulutsa maluwa timawathyola, kuti mphamvu yonse ipite ku masamba, poti masamba ndiwo amagulitsidwa. Ababa ntchito imeneyi aigwira zaka zoposa zanga. Akalowa mu mzere manja amagwira okha, kumanja, kumanzere, maso ali kwina, pakamwa akucheza ndi munthu wa mzere wina.

Lachinayi masana anabwera kuchokera kumunda, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Ine ndinali kutsuka mbale pafupi ndi thandala. Anatenga ndowa kulowera kubafa, akulankhula ndi amayi amene anali kukhitchini.

"Make Lefina, ndiwo ndi zomwe zija?"

"Mukufuna ziti? Mwabwera ndi nyama?"

Ababa anaseka, nkhope itatembenukira kukhitchini. Dzanja lawo lamanzere linadutsa pamwamba pa kamtengo. Thyo, thyo. Sanaime. Sanayang'ane. Analowa m'bafa akuimba mluzu.

Timaluwa tonse tisanu tinali pansi.

Sindinakuwe. Ndinapita n'kutitola, n'kukatiika pakati pa kope langa la za ulimi, pa tsamba lomwe lija ndinajambulapo za kumezanitsa. Masiku atatu sindinalankhule ndi ababa kupatula kuyankha "ee" ndi "ayi". Poti ndine wachete kale, iwo sanazindikire. Amayi ndiwo anazindikira, ndipo atandipanikiza ndinawatsegulira kope lija.

Madzulo ake tili pakhonde amayi anati, "Bambo a Lefina, maluwa a mwanayu anakulakwirani chiyani?"

"Maluwa ati?"

Amayi anawatengera kuseri. Ine ndinatsalira pakona ya nyumba ndikumvetsera. Ababa anayang'ana nthambi yothyoka ija nthawi yaitali.

"Ndi ine?"

"Ayi, ndi mbuzi yovala malaya."

"Komatu... maluwa amadya mphamvu ya masamba," anatero ababa motsitsa mawu.

"Ndiye mukufuna masamba a lalanje? Tiwasoke, tiwayanike m'chigafa, mukagulitse ku okushoni?"

Ababa anatukula dzanja lawo lamanzere n'kuliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo ngati la munthu wina.

Sanandipepese. Kwathu bambo sapepesa mwana ndi pakamwa. Koma m'mawa mwake ndinawapeza atanjuta pa thumba, ali ndi timibulu ta feteleza m'dzanja, tosakwana supuni, akuboola dothi ndi kamtengo ngati mmene timathirira fodya.

"Musayandikize ku tsinde," ndinatero. "Kapsa."

Anasuntha kamtengo koboolera kufika m'mphepete mwa thumba. "Apa?"

"Ee, pamenepo."

Kuyambira tsiku limenelo tinakhala awiri. Pakaphuka kanthambi kaminga pansi pa chipsera, ndinkawauza kuti kameneko ndi ka mandimu, akhoza kuchotsa, ndipo ankachotsa mosangalala, poti mphukira ndi ntchito yawo. Koma asanakhudze chilichonse ankayamba aitana, "Lefina, aka?"

Miyezi yothyola fodya inafika, kenako yosoka, yoyanika, yosankha, yodinda mabelo. Kamtengo kanakula modabwitsa. Pofika mu Julaye, udzu wonse utauma, iko kanali kobiriwira bii, kofika pachifuwa panga. A Fainala atabwera kudzaona anati sanaonepo chinthu cha m'thumba chikukula choncho. Ine ndinkanyada mumtima, ndinkati ndi manja anga.

Kumayambiriro kwa Ogasiti ababa anatiuza kuti zautenanti zakwana, tikubwerera ku Phalombe. Lole yonyamula mabanja a kummwera inali kubwera Loweruka m'mawa. Lachisanu masana, amayi akumanga mitolo, ndinapita kuseri kuti ndisendeze thumba langa pafupi ndi katundu. Ndinagwira milomo yake n'kukoka. Silinasunthe. Ndinaligwira chokumbatira, n'kudzutsa ndi mphamvu zonse. Linangopendekeka pang'ono, ndipo pansi pake ndinamva chinthu chikukoka.

Ndinagona pansi n'kusuzumira. Pa bowo limodzi mwa aja ndinaboola ndi msomali panatuluka muzu wonenepa ngati chala changa chachikulu, n'kulowa m'nthaka ya esiteti. Miyezi yonseyi ine ndikuti kali m'thumba, iko kanali katadzidzala kokha.

Ndisanadzuke n'komwe ndinamva nsapato. Anali a Grey, akuyendera nyumba za ochoka ndi kutolera makasu ndi makeni othiririra a esiteti. Ababa anali pambuyo pawo.

"Eee, a Kalekeni! Mwayamba kudzala zipatso? Mwagula malo ano liti, osatiitana?"

"Uli m'thumba, akapitawo. Ndi wa mwanayu."

A Grey anakankha thumba ndi jombo. Silinasunthe. Anawerama, n'kuona muzu uja, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"M'thumba eti? Tamverani. Za m'thumba ndi zanu, za pansi ndi za bwana. Bweretsani chikwanje tidule apa, mutenge zanuzo. Apo ayi usiyeni, wobwera m'nyumba muno adzadya malalanje."

Ababa anandiyang'ana. "Lefina, tikadula?"

A Grey ndinali ndisanawalankhulepo chibwerere. Koma ndinati, "Umenewu ndiye ukumwetsa mtengo wonse. Kunja kulibe mvula. Tikadula ufa m'njira."

Ababa anagwedeza mutu, n'kutembenukira kwa a Grey. "Akapitawo, dothi ndi la bwana, sindikukana. Koma muzu ndi wa mtengo."

"Ndiye muutulutse wonse osaudula, dothi mutisiyire," anatero a Grey akupukuta misozi ya kuseka. "Mukatha, tengani. Koma lole siidikira lalanje." Ananyamula makasu athu onse awiri n'kumapita.

Nthaka ya mu Ogasiti ku Kasungu ndi njerwa. Koma ababa anati, "Ku nazale timatani tisanazule mbande?"

"Timathirira kwambiri."

"Ndiye ukudikira chiyani?"

Ndinapita ku mjigo maulendo asanu ndi atatu dzuwa lisanalowe. Ababa anapanga kakhwawa kuzungulira thumba, ndipo ndowa iliyonse inkalowa pansi pang'onopang'ono.

Kutangocha tinayamba. Ababa anasongola mkangala umodzi, timitengo tija timayanikirapo fodya, n'kumakumba nawo, dothi n'kumatapa ndi manja. Ine ndinagwira thumba chopendeketsa kuti muzu usathyoke. Dzenje linafika m'chigongono mwawo, muzu ukupitabe. Linafika paphewa. Pamenepo muzu unakhota, kulowera kumene madzi a kubafa ankatsikira. Unadziwa bwanji kuti madzi ali uko? Mumdima, wopanda maso, unapita molunjika ndithu.

Matenanti anzathu amene ankadikira lole anayamba kusonkhana. Poyamba ankaseka. "A Kalekeni akukumba mbewa!" anatero wina. Koma muzu utayamba kuonekera, wachikasu, wautali, ukugawikana timizu tating'ono ngati tsitsi, kuseka kunatha. Mayi wina anabweretsa madzi ake a paulendo n'kuthira m'dzenjemo. A Fainala, amene anabwera kudzatsanzikana ndi amayi, anabwerera kwawo mwachangu ndi miyendo yawo yotupayo, n'kubwera ndi thumba lina lonyowetsa.

Lole inalira hutala kumsewu. Amayi anayamba kututa katundu okha. Ababa anali atagona chafufumimba, tsaya lili pa dothi, mkono wonse uli m'dzenje, maso atatseka. Zala zomwe zija zinathyola maluwa anga zinali kuyenda pansipo, kumasula muzu ku dothi pang'onopang'ono.

"A Kalekeni, tikusiyanitu!" anakuwa dalaivala.

"Ababa," ndinanong'ona, "dulani basi."

"Khala chete. Ndaugwira kunsonga."

Anakoka mpweya, n'kutulutsa mkono mwapang'onopang'ono. Muzu unabwera wonse, mpaka kansonga kake kopyapyala ngati ulusi. Anaimirira n'kuutukula m'mwamba. Unali wautali kuposa mtengo umene. Chinthu chimene ndinkachithirira tsiku ndi tsiku, n'kumati ndikuchidziwa, theka lake lalikulu ndinali ndisanalionepo.

A Grey anali ataima kumbuyo kwa anthu, manja m'thumba. Ababa anaviika muzu mu ndowa, n'kuutsuka, madzi amatopewo n'kuwathira m'dzenje. Anakankhiramo dothi lonse ndi mapazi, n'kupondaponda mpaka panasalala.

"Akapitawo, dothi lanu ilo. Lakwana?"

A Grey anayang'ana pansi, anayang'ana muzu, kenako anayang'ana ine. "Likadzabereka, mudzatitumizire limodzi," anatero, ndipo ulendo uno sanaseke.

Tinaupinda muzu mozungulira ngati nkhata, n'kuukulunga m'thumba lonyowa la a Fainala, n'kumanga ndi luzi pansi pa thumba lakale. Pa lole ndinakhala pakati pa mphasa ndi dengu la nkhuku za eni, mtengo uli pakati pa mawondo anga. Ndinaufunditsa chitenje kuti mphepo isauwambe. Ababa anakhala pafupi nane, malaya onse ali matope, amayi akuwanena kuti akafika kwawo ngati munthu wothawa kumanda.

Tinadutsa minda yopanda kanthu, mapesi a fodya ali mbuu, zigafa zili pululu. Titalowa mu msewu wa tala ndinatsegula chitenje pang'ono kuti ndione ngati masamba afota. Anali atagwa mphwayi, koma osati kwambiri. Ndipo pamenepo, m'khwapa mwa masamba a kunthambi ya pakati, ndinaona timikanda toyera. Ndinayamba kuwerenga, ndinasokonezeka nditapitirira khumi.

Ndinagwira ababa pa mkono, n'kuwalozera.

Anawerama n'kuyang'ana, nkhope ili pafupi kwambiri. Kenako anadzuka pang'ono pamene anakhalapo, n'kulowetsa manja onse awiri pansi pa ntchafu zawo, n'kuwakhalira. Anakhala choncho mpaka ku Mponela.